Mipingo iphunzitse kulemba wilo, chuma cha masiye chikutha ndi akhristu omwe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za khalidwe lomwe likuchitika pamaliro kuno ku Ntcheu. Adzukulu asanatsuke n'komwe makasu, achibale a malemu amakhala atatenga kale makiyi a nyumba, njinga yamoto, khadi la ku banki ndi matumba a kachewere wa mbewu. Ambiri mwa iwo ndi omwe amaimba nawo nyimbo kusiwa usiku wonse.

Baibulo silinabise pankhaniyi. Pa Numeri 27, ana aakazi asanu a Zelofehadi anapita kwa Mose kukapempha cholowa cha bambo awo amene anamwalira opanda mwana wamwamuna. Mulungu anati akunena zoona, ndipo linakhala lamulo mu Israele. Pa 1 Mafumu 21, Naboti anakana kugulitsa munda wake wamphesa kwa mfumu Ahabu poti unali cholowa cha makolo. Yezebeli, mkazi wa Ahabu, anapezera Naboti mboni zabodza n'kumuphetsa, ndipo Eliya anakampeza Ahabu m'munda momwemo ndi uthenga wa chilango. Eksodo 22:22 akuletsa kuzunza mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye. Ndiye amalume amene amapereka chakhumi mwezi ndi mwezi koma n'kusasula malata panyumba ya mlamu wawo akukhulupirika kwa yani?

Lamulo la dziko nalo lilipo, la chuma cha masiye la chaka cha 2011. Munthu akamwalira osalemba wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana onse kuphatikizapo obadwa kunja kwa banja, ndi ena amene ankadalira malemuyo. Kaya banja linali la chikamwini kaya la chitengwa, mwambo supatsa mwinimbumba mphamvu yolanda, ndipo wolanda atha kukaseweza kundende.

Koma njira yachidule ndi wilo. Aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo, wamutu wabwinobwino, atha kulemba, ngakhale m'Chichewa. Atchule katundu mmodzimmodzi momveka: osangoti "nyumba" ayi, koma nyumba ya pa Lizulu kapena ya kumudzi, ng'ombe zingati ndipo zili m'khola la yani, akaunti ya banki iti. Atchule wolandira chilichonse ndi dzina lake lonse, komanso munthu wodzayendetsa kagawidweko. Asaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine iye akuona. Apa m'pamene ambiri amaphonya: mboni ina imasaina lero kutchalitchi, ina mawa kumsika, ndipo wiloyo amadzakanidwa kukhoti. Ndi bwinonso kuti mboni zisakhale anthu olandirako kanthu.

Cholakwika china ndi posungira. Wilo woikidwa m'sutikesi kuchipinda amayamba kumupeza ndi omwe aja ofuna makiyi, ndipo sadzaonekanso. Kasungitseni ku ofesi ya DC, kwa loya kapena ku banki, n'kuuzako munthu mmodzi wodalirika. Mawu apakamwa onenedwa pamphasa ya matenda sathandiza, aliyense amawakumbukira momukomera.

Ena amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Komatu Yesaya anauza mfumu Hezekiya kuti akonze za panyumba pake, ndipo Hezekiyayo anakhalanso zaka 15. Ndikupempha abusa ndi akulu a mpingo kuti nkhaniyi ilowe m'maphunziro a chilangizo cha ukwati, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo, osadikira tsiku losudzula.

Mkulu wa mpingo,
Tsangano, Ntcheu