Kalata kwa makolo a ana a sitandade 5 mpaka 8, potseka teremu yoyamba

Makolo athu olemekezeka, abambo, amayi, agogo ndi nonse amene mukulera ana a pasukulu pano, muli bwanji kumakomoko? Ife kuno tilipo, kutentha kokhaku nkumene kwatifoola. Lero tatseka teremu yoyamba ndipo mwana aliyense wapatsidwa sukulu lipoti yake m'manja, ndiye akakuuzani kuti aphunzitsi sanagawe musavomere ayi, tagawa. Kalatayi ndayiponya pa gulupu ya makolo ya WhatsApp koma ndikudziwa kuti ambiri mulibe mafoni akuluakuluwa, chonde amene mwawerenga muwawerengereko anzanu oyandikana nawo, a komiti ya sukulu ndi a PTA nawonso tawapatsa mapepala oti akawerenge pamisonkhano ya kwa anyakwawa. Ya makalasi ang'onoang'ono ikubwera payokha.

Nkhani yanga yaikulu ndi iyi. Mwana akafika ndi lipoti pakhomo funso limakhala limodzi basi, wakhala nambala chani? Akati nambala 3 nkhuku ifa, akati nambala 60 ndiye ayambe kuthawa. Sindikuti nambala ndi yoipa, koma nambala imangokuuzani kuti mwana wanu waposa anzake angati, siyikuuzani chimene akudziwa m'mutu mwakemo. Kalasi yonse itha kulephera masamu koma nambala wani adzapezekabe. Ndiye tagwirizana ndi aphunzitsi kuti teremu iliyonse tizikuuzani zimene anawa aphunzira m'kalasi, kuti nanunso muzikhala ndi poyambira kuwafunsa, osati kumangodikira lipoti katatu pachaka.

Ndiyambe ndi sitandade 5 chifukwa ndi pamene ana ambiri amatitayikira mwakachetechete. Kumakalasi a m'munsi mwana amakhala akumva zambiri m'Chichewa, akangolowa mu 5 mabuku onse kupatula la Chichewa ali m'Chizungu, sayansi Chizungu, ulimi Chizungu, masamu Chizungu. Tsono taganizani mwana woti kunyumba amalankhula Chisena, Chichewacho anachiphunzirira kusukulu konkuno, lero tikumuuza kuti amve za kayendedwe ka madzi m'chilankhulo chachitatu. Anawa ndi ochenjera, sakuuzani kuti sakumva. Amakopera manotsi a pabolodi bwinobwino, zilembo zokongola, mzere wa rula pansi pa mutu, mukaona kope mutha kunena kuti uyu ndi dokotala wa mawa, koma mukamutseketsa kope nkumufunsa kuti tandiuza zimene walembazi akungoyang'ana pansi nkumakanda m'mutu. Aphunzitsi a mu 5 teremu ino amayamba afotokoza kaye m'chilankhulo choti mwana amve kenako nkubwerera ku Chizungu, ndipo ine ndawauza kuti apitirize ngakhale zikuchedwetsa silabasi pang'ono, bola kuchedwa kusiyana nkumaliza buku ndi ana oti sanamve kanthu.

Apa mpamene tikufuna thandizo lanu, ndipo musati ine sindinapite kusukulu ndiye sindingathe. Mungathe. Madzulo mukadya, mufunseni mwana kuti lero aphunzitsi amati chani, akufotokozereni m'Chisena kapena Chimang'anja chomwecho chimene mumalankhula pakhomopo. Akatha kufotokoza ndiye kuti wamva. Akamangobwereza mawu a Chizungu ngati nyimbo osatha kuwamasula, dziwani kuti pali vuto ndipo mutiuze msanga, osadikira mayeso.

Kenako tsegulani kope lake. Simukufunika kuwerenga Chizungu kuti muone izi: pamwamba pa ntchito iliyonse pamakhala deti, manambala aja mumawadziwa, ndiye onani ngati madeti akutsatana kapena pali sabata yathunthu imene yadumphidwa. Onani ngati muli cholembera chofiira cha aphunzitsi. Pamene pali mtanda wofiira, pansi pake payenera kukhala pamene mwana wakonza zimene analakwa. Mukapeza kope loti masabata angapo mulibe chofiira olo pamodzi, bwerani nalo ku ofesi kwanga, mwina mwana sapereka kope kuti lichongedwe, mwinanso vuto lili kwa ife, zonsezo ndikufuna ndizidziwe. Komanso abale, kope limodzi la maphunziro onse silithandiza, masamu kutsogolo sayansi kumbuyo Chichewa pakati, ndipo masamba apakati aja tikumapeza atathothoka, ena akulungira zitumbuwa, ena ndikumva kuti agogo apichirira fodya. Ndikudziwa ndalama yavuta miyezi ino, koma ngati mungakwanitse, masamu ndi Chizungu zikhale ndi makope akeake.

A sitandade 6 ndiwo andisangalatsa kwambiri teremu ino. Pa phunziro la zachikhalidwe ndi chilengedwe amaphunzira mitsinje ya dziko lino, ndipo m'malo mongojambula pabolodi aphunzitsi awo anawatulutsa panja pansi pa mtengo wa nimu, anajambula Shire yense padothi ndi phulusa. Anayambira ku Mangochi kumene Shire amatulukira m'nyanja ya Malawi, kudutsa nyanja ya Malombe, Liwonde, kenako anaika miyala pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamene amapangira magetsi, nkutsikira kuno kuchigwa, Chikwawa, Chiromo pamene Ruo amathira madzi ake ochokera kuphiri la Mulanje, Nsanje, mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique, mtunda wa makilomita pafupifupi 400. Atatero anatenga ndowa ya madzi nkuthira kumtunda kuja kumene anaunjika dothi ngati mapiri a Thyolo ndi Mulanje, ana anaona okha madzi akuthamanga pamtsetse kenako nkufika pathyathyathya nkuyamba kumwazika mbali zonse. Funso linali loti, nchifukwa chani kuno madzi amatha kusefukira kunja kuli dzuwa, mvula isanagwe olo dontho? Mtsikana wina amene nthawi zambiri salankhula m'kalasi ndi amene anayankha kuti madziwo si athu, ndi a mvula ya kumapiri. Mufunseni wanu wa mu 6 funso limenelo, ndipo ngati pali agogo amene anaona madzi a kale awafotokozereko zawo, zimenezo m'buku mulibe.

Sitandade 7 yalimbana ndi masamu a phindu ndi kuluza, komanso maperesenti. Awa ndi masamu a kumsika, mumawachita tsiku ndi tsiku ngakhale simuwalemba. Mwachitsanzo munthu wagula mbuzi pa K40,000 wakaigulitsa pa K50,000, phindu ndi zingati ndipo ndi maperesenti angati? Mwana wa mu 7 ayenera kuyankha kuti K10,000, ndiye 25 peresenti. Ambiri gawo loyambalo akukhoza, pa peresenti mpamene akugwa chifukwa matebulo a kuchulukitsa sanawagwire bwino kumbuyoku. Holide ino amene mumagulitsa nsomba, mbatata, tomato kaya mandasi, mpatseni mwana awerengetse zimene mwaoda ndi zimene mwapeza, inu muzimutsutsa akalakwitsa. Ku ulimi aphunzira za mthirira ndipo ali ndi mabedi awo a mpiru ndi bonongwe kuseri kwa kalasi, anafunsanso zambiri za ngalande yaikulu ija ikuchokera ku Kapichira, koma mbuzi zoyendayenda zatidyera theka la ndiwo, eni mbuzi mukudzidziwa, sindikutchulani.

Tsopano sitandade 8. Awa mayeso a MANEB akuwadikira m'teremu yachitatu, ndipo ndi mayeso amenewa amene amanena kuti mwana asankhidwa kupita ku sekondale ya nashonolo, ya boma yogonera konko, ya CDSS (yoyendera ya m'dera) kapena sasankhidwa nkomwe. Mayesowa safunsa za mu 8 zokha, amatenga kuyambira za mu 5, ndiye makope akale aja musayatsire moto. Chinanso chofunika kwambiri, bwerani mudzaone mmene dzina la mwana wanu lalembedwera ndi tsiku lake lobadwa pamndandanda wa olemba mayeso. Kuno timakonda kusintha mayina, lero mwana akutchedwa dzina la bambo ake, mawa la amalume ake amene akumulera, koma dzina likalowa pa satifiketi kulisintha ndi chintchito. Pa mayeso a teremu ino Chichewa ndi Life Skills akhoza bwino ndithu, chimangirizo cha Chizungu ndiye chatichititsa manyazi, ena akulemba mizere itatu basi nkugona pa desiki. Tawapatsa mitu yoti alembe paholide, muwafunse akuonetseni.

Za masewera ndingodutsamo. Timu ya mpira wa manja yachita bwino m'zoni yathu, anyamata a mpira wa miyendo tingoti anayesetsa. A Expressive Arts akuphunzira utse ndi valimba, ndipo tikupempha akuluakulu odziwa kuimba valimba adzatithandize chifukwa aphunzitsi ena ndi ochokera kumtunda, akungoonera. A kalabu ya zachilengedwe akulakalaka atakaona nyama ku Lengwe, tikambirana pamsonkhano wa PTA ngati nzotheka.

Kujomba ndiye kwatipweteka. Mu Okutobala ndi Novembala muja kunatentha zedi, malata akumathetheka, pofika 11 koloko ana ali lephethe, moti makalasi ena timawatulutsa kukaphunzirira pamthunzi, zimenezo tikumvetsa. Koma kaundula akuonetsa kuti kujomba kwambiri kukuchitika masiku a msika ndi nthawi ya ntchito za kudimba, ena akupita kokawedza, ena kuganyu. Sindikulankhula ngati munthu wosadziwa njala ya kuno, ndikudziwa kuti pali makomo oti mwana akapanda kuthandiza ndiye kuti moto suyaka. Koma mundimve, masamu a mu 7 amamangana, wajomba Lachiwiri pamene amayamba mutu watsopano ndiye kuti Lachitatu ndi Lachinayi akungokhala m'kalasi ngati mlendo. Ngati palibiretu kuchitira mwina, tumizani uthenga kwa mphunzitsi wa kalasi kudzera mwa mnzake woyandikana naye, kuti akabwera amupatse ntchito imene waphonya. Phala likuphikidwabe m'mamawa, ndipo amayi amene mumalawirira kudzaphika zikomo kwambiri, mukanapanda inu kaundulayu bwenzi ali woipa kuposa apa.

Kwa atsikana a mu 7 ndi mu 8, holide ya Khirisimasi ndi imene imatilanda ana. Anyamata obwera ndi tindalama kuchokera kutauni kaya ku Joni, mavidiyo a usiku, madansi a chaka chatsopano, Januwale ikafika desiki ili yokha. Malamulo a dziko lino anasinthidwa mu 2017, mwana wosakwana zaka 18 sakwatiwa ngakhale makolo mutavomereza. Ndipo amene anatenga mimba, akabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, malo ake alipo, amayi a mother group akhala akuyenda m'makomo kunena zomwezi, chonde muziwalandira bwino, si apolisi ayi ndi amayi anzanu.

Teremu yachiwiri ndi ya mvula, tonse tikukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mmene makalasi m'chigwa chonse chino anasandukira misasa ndipo mabuku ambiri anapita ndi madzi. Mabuku tili nawo ochepa kale, limodzi akugawana ana angapo, ndiye amene abwereka a boma kuti awerenge paholide, makamaka a mu 8, tawalemba mayina ndipo muwasunge mu jumbo yomanga bwino pamalo okwera, osati pansi pa mphasa. Mtsinje ukadzaza mwana asawoloke, olo kukhale mayeso tsiku limenelo, tidzamulembetsa tsiku lina. Kukakhala chenjezo la madzi kapena sukulu ikayima, uthenga tizitumiza pa gulupu komanso kudzera kwa anyakwawa ndi a komiti, musamvere za m'maluwa.

Tikatsegulira, sabata yachitatu tidzakhala ndi tsiku loti makolo mudzalowe m'makalasi, osati kukhala pabwalo kumvera zolankhula zathu zitalizitali zija ayi, koma kukhala kumbuyo kwa kalasi nkumaonera mwana wanu akuphunzira, kenako mukhale ndi mphunzitsi wake muone limodzi makope. Abambo, chonde nanunso mubwere, misonkhano yonse timangoona amayi ndi agogo. Tsiku lenileni tidzalengeza tikakambirana ndi a komiti. Amene simungadikire, ofesi yanga ndi yotsegula ana akaweruka, ndipo simukufunika kalata kapena kuvala suti, ngakhale mukuchokera kumunda ndi khasu ingolisiyani pakhonde mulowe.

Tsiku lotsegulira talemba pansi pa lipoti. Lipotilo musayine kapena kudinda chala pamzere wa makolo, mwana abwere nalo tsiku loyamba lomwelo pamodzi ndi mabuku amene anabwereka.

Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chopambana kwa nonse.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wamkulu