Dandaulo pa zitsulo zomwe munandikutira ndi nickel ndi cobalt

Kwa Bwana Mkulu,

Ndalemba kalatayi chifukwa za pafoni ndatopa nazo. Ndaimba kasanu, yankho ndi lomwelo: "Abwana ali pamsonkhano."

Za mashafiti ndi mabawuti anga mukuzidziwa, zili m'mabuku anu. Pokutira zitsulozi kuti zisachite dzimbiri, ndinasankha chitsulo cha nickel wosakaniza ndi cobalt podziwa kuti amalimba kuposa nickel payekha. Koma sipanathe milungu itatu, chokutiracho chinayamba kumatuka m'mphepete. Ndikangolowetsa chikhadabo chimasupuka ngati njoka yofundula, kunsi kwake dzimbiri lili psuu.

Kwanuko ndabwerako katatu, zitsulo zolemerazo zili pamsana, ntchito yanga itaima. Ulendo woyamba akuti katswiri wachokapo. Wachiwiri anandikhazika pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, osandiyang'ana n'komwe. Wachitatuwo ndiye sindidzauiwala. Mnyamata wa pakauntala ananyamula shafiti ndi zala ziwiri, n'kuiponya patebulo, anthu akuona. Akuti, "Madala, munazisiya pamvula izi. Za magetsi ndi mankhwala simungazimve." Ine imvi zili mbuu, zitsulo ndazigwira zaka 20, mwana woti ndingamubereke n'kumandiyankha motero? Ndinatuluka manja akunjenjemera.

Mvula simatula nickel womata bwino, Bwana, inunso mukudziwa. Akamatuka chonchi ndiye kuti chitsulo chinalowa m'thanki ya mankhwala yokutiramo ndi magetsi chili ndi girizi, kapena sichinaviikidwe mu asidi moyenera. Timaenje tili pamashafitiwa timabwera thovu la mpweya wa hydrogen likakakamira pachitsulo magetsi akuyenda. Mabawuti olimbitsidwa amafunika kuwotchedwa mu uvuni pafupifupi madigiri 200 pasanathe maola 4 atatuluka m'thanki, kuti hydrogen achokemo, apo ayi amathyoka msanga. Awiri athyokera m'manja mwanga pomanga ndi sipanala wamba. Akanathyoka makina akuzungulira, bwenzi tikunena za munthu wovulala. Ndinapempha pepala losonyeza kuti munawotchadi, palibe anandionetsa. Ndinafunsanso kuti madzi a m'thankimo munawayeza liti, poti cobalt amatha msanga kuposa nickel, anangondiseka.

Ndikufuna muchotse chokutira chonsecho, mutsuke, mukutenso pa ndalama zanu, ndipo mundipatse pepala la muyeso wa kuchindikala kwake. Mabawutiwo mugule ena. Mnyamata uja andipepese pamaso panu.

Ndikupatsani masiku 14. Akadutsa, mundibwezere ndalama zanga zonse, zitsulo ndipita nazo kwina, ndipo anzanga onse omwe ndinawalozera kwa inu ndiwaonetsa shafiti imeneyi.

Ine wodandaula,
Kasitomala wanu wa zaka zambiri