Kalata kwa Chisomo: nyumba za njerwa za ku Alexandria

Wokondedwa Chisomo,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi agogo. Ine kuno ndili bwino. Ndamva kuti tsopano ukutha kuwerenga wekha, ndiye kalatayi usapatse munthu wina, uiwerenge pang'onopang'ono.

Tauni imene ndikukhala dzina lake ndi Alexandria, ku Virginia m'dziko la America. Ili m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Potomac, ndipo inayamba m'chaka cha 1749. Kalelo sitima zapamadzi zinkabwera kudzatenga fodya ndi tirigu. Kufupi ndi mtsinjewo nyumba zambiri ndi za njerwa zowotcha, zofiira, zogundana khoma ndi khoma, ndipo mpaka lero anthu akugonamo. Pa makoma a nyumba zina anakhomapo kachikwangwani kachitsulo kooneka ngati dzira. Ukakaona, udziwe kuti nyumbayo yapitirira zaka 100 ndipo eni ake aisunga osaisintha maonekedwe.

Imene ndimaikonda kwambiri ili mu msewu wa Queen Street. Ndi kanyumba kosanja, kopaka penti ya buluu, koma m'lifupi mwake kangopitirira pang'ono mamita 2 basi! Anakamanga ndi bambo wina woumba njerwa, dzina lake John Hollensbury. Pambali pa nyumba yake panali kanjira kopapatiza. Ngolo zokokedwa ndi akavalo zinkadutsamo n'kumakhula khoma lake, anthu enanso n'kumaima momwemo kusokosera. Bamboyo atatopa nazo, m'chaka cha 1830 anamanga khoma kutsogolo kwa kanjirako, lina kumbuyo, n'kufolera pamwamba. Basi, kanjira kasanduka nyumba. Makoma a m'mbali sanavutike nawo, anali kale a nyumba ziwiri zoyandikana zija. Mkati mwake, pamene magudumu a ngolo ankakanda njerwa pakuonekabe mpaka pano.

Koma si nyumba zonse zimene nkhani yake ndi yoseketsa, mwanawe. Mu msewu wa Duke Street muli ina yaitali, ya njerwanso. Ukangoiona sungaganize kanthu, mpaka utaima n'kuwerenga chikwangwani chake. Kuyambira 1828 mpaka 1836 amuna awiri, Isaac Franklin ndi John Armfield, ankagulitsira anthu pamenepo. Anthu akuda, amene makolo awo anagwidwa ku Africa, ankatsekeredwa kuseri kwa nyumbayo, kenako n'kutumizidwa kutali ku New Orleans ndi ku Natchez kukagwira ukapolo. Ena anali ana amsinkhu wako, olekanitsidwa ndi amayi awo. Lero nyumbayo ndi malo osungira mbiri, dzina lake Freedom House, ndipo ana a sukulu amapita kukaphunzira zimene zinachitika. Ine ndimati anachita bwino osaigwetsa. Ikanagwa, ena akanamati zimenezi sizinachitike. Ngati pena sunamvetse, afunse agogo, akufotokozera bwino.

Tsopano ndikupatse ntchito. Upemphe amalume ako akuyezere mamita 2 pabwalo, ujambule mizere iwiri ndi kamtengo, ugone pakati pake. Ukatero undilembere: kodi mphasa yako ingakwane m'kanyumba ka a Hollensbury? Uwafunsenso agogo chaka chimene nyumba yawo inamangidwa, ndi amene anaumba njerwa zake, undilembere mayina onse.

Upereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine azakhali ako okukonda.