Kalata kwa Naphiri ku Bunda

Kawale, Lilongwe

Naphiri mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kungoti bondo la amayi ako layambanso ndi kuzizira kwa Juniku. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula pakamwa, ndipo mayunitsi amatha ndisanafike pomwe ndimafuna.

Amayi ako andiuza kuti anzako a kalabu ya zachilengedwe akusankha kukhala msungichuma, iwe n'kumanyinyirika. Akuti ukanakhala upampando ukanavomera, koma zosunga ndalama n'zotopetsa ndiponso zodanitsa ndi anthu. Zodanitsazo sukunama. Komabe usakane.

Pali nkhani yomwe sindinakuuzepo chifukwa imandichititsa manyazi mpaka lero. M'chaka cha 1988 ndili Fomu 3 kusukulu yogonera komweko, ndinali msungichuma wa kalabu ya Wildlife. Makalabu amenewa ankayang'aniridwa ndi bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe lomwe lero mukulitchula kuti WESM, lomwe linayamba mu 1947. Tinasonkha matambala teremu yonse kuti tipite kukaona nyama ku Nature Sanctuary, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Ndalamazo ndinkasunga m'kachitini ka polishi, ndipo mawerengero onse anali m'mutu mwangamu. Mnzanga wina anandidandaulira kuti alibe yokwerera basi kupita kumaliro, ndinamubwereka. Wina anamva, nayenso anabwera ndi lake vuto. Tsiku lolipira galimoto litakwana, m'kachitini munali theka, ndipo sindinathe ngakhale kutchula kuti uje anatenga zingati.

Aphunzitsi otiyang'anira sananditukwane. Anangondiimika kutsogolo kwa anzanga n'kunena kuti ndifotokoze. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ulendo unalephereka, ine n'kuthera holide yonse ndikuumba njerwa za ganyu kuti ndibweze. Titatsegulira ndinapita kukatula pansi udindo, iwo anakana. Anandipatsa kope, nalemba mizere inayi ndi rula: tsiku, zalowa, zatuluka, siginecha. Ntchito zonse zomwe ndagwira pamoyo wanga, kuphatikiza zaka zomwe ndakhala ndikusunga thumba la mphakati kutchalitchi, zatsamira pa mizere inayi imeneyo. Masamu a MSCE ndinakhoza ndithu, koma sindikumbuka tsiku lomwe anandipulumutsa ngati mmene kope lija lachitira.

Wapampando amaoneka pazithunzi, ndi amene amalandira alendo. Koma msungichuma ndi mlembi ndiwo amadziwa ngati kalabu ili moyo kapena yafa kale. Kuuza mnzako wogona naye chipinda chimodzi kuti "ndalama izi si zanga, sindingakubwereke", iye n'kukwiya, mawa lake n'kudyeranso limodzi ku kafeteriya, zimenezo palibe lekichala angakuphunzitse.

Pali chinanso chomwe inu ana a masiku ano simuchiona. Nthawi yathu m'masukulu munali a Payoniya, otiphunzitsa kuguba ndi kumvera. Kufunsa kunalibe. Koma Lachitatu masana mukalabu tinkakweza manja kusankha atsogoleri athu, wolephera n'kuvomereza, ndipo mwana wa Fomu 1 ankatha kutsutsa wa Fomu 4 popanda kumenyedwa. Choncho ine voti yanga yoyamba yaufulu ndinaponya m'kalasi, kudakali zaka zisanu kuti ifike referendamu ya pa 14 Juni 1993. Anzathu a m'magulu achikhristu a ophunzira a SCOM ndi YCS, ngakhale aja ankakonzekera zisudzo za mpikisano wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, nawonso ankaphunzira zomwezo: kuyendetsa msonkhano, kudikira nthawi yako yolankhula, kulemba zomwe mwagwirizana.

Ukuopa kuti maphunziro alowa pansi, ndipo manthawo ndikuwamvetsa, poti ngongole ya ku Loans Board idzafunika kubweza, ndipo kubwereza chaka sitingakwanitse. Koma kalabu imodzi siipha munthu. Imakukumanitsa ndi a chaka chachitatu ndi chachinayi, omwe ali ndi mapepala a mayeso akale, odziwa kosi yomwe imagwetsa anthu ndiponso komwe munthu angakapemphe atachimenti. Chomwe chimapha ndi kufuna zonse. Ndamva kuti uli kukwaya, kunetibo, tsopano ukuyang'ananso ya mtsutso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sunga kwaya chifukwa amayi ako sangandikhululukire ndikakuletsa, utenge udindowu, zinazo zidikire.

Tsono za ndalamazo mvetsetsa. Zakalabu zisalowe pa nambala yako ya Airtel Money kapena Mpamba pomwe ife timakutumizira ya sopo. Zikasakanikirana, ngakhale utakhala woyera mtima chotani, tsiku lina udzagula bandulo ndi ndalama za mbande osadziwa. Pemphani akuluakulu oyang'anira ophunzira akuthandizeni njira yosungira yoti potapa pazifunika anthu awiri kapena atatu. Lisiti lililonse, ngakhale la machubu obzalamo mitengo kapena la njinga ya kabaza, ulimate m'kope. Pamsonkhano uliwonse uziwerenga zalowa ndi zatuluka, angakhale anzako akuyasamula. Tsiku lomwe adzakukayikire, kope lidzakuyankhira.

Kudzabweranso anthu a magalimoto abwino, ena a mabungwe, ena a ndale, atanyamula malaya ndi maalawansi. Ena mwa iwo ndi abwino ndithu. Koma ndaona makalabu akusanduka malo odikirira maenvelopu, mamembala n'kumabwera pokhapokha kukakhala wekishopu. Mukafike poti ngakhale popanda wokupatsani kanthu muzikumanabe.

Ndipo poti kalabu yanu ndi ya mitengo, ndikupempheko chimodzi. Dzinja lililonse dziko lino limabzala mitengo ndi nyimbo ndi makamera, koma pofika Okutobala palibe wobwerera kukaona. Iwe uli ndi kope, tsegula tsamba lina kumapeto: mwabzala ingati, yapulumuka ingati ku mbuzi, chiswe ndi moto. Dzalanyama ili kufupi nanu, ndipo matumba a makala omwe amadutsa panjinga m'mawa uliwonse kulowera m'tauni umawaona wekha. Madzi omwe timamwa kuno ku Kawale amachokera kumeneko, kutsika ndi mtsinje wa Lilongwe kudzera ku Kamuzu Dam. Ine amene ndikulemba zimenezi ndaphikira tiyi pambaula m'mawa uno magetsi atazima, ndiye usandione ngati woyera.

Ndakugulira kope lachikuto cholimba ku Old Town, mizere inayi ija ndalemba kale patsamba loyamba. Amayi ako aikamo mtedza wokazinga ndi kabotolo ka uchi. Mlongo wako adzapereka kwa kondakitala wa minibasi ya ku Mitundu Loweruka m'mawa, ndiye foni yako ikhale yoyatsa. Ukalandira utiuze.

Ndine bambo ako.