Mapepala a akatswiri athu a mbiri yakale akutha ndi chiswe

Wokondeka Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa zimene ndinaona mwezi watha kuno ku Zomba, pamene ndinapita kukathandiza mayi wamasiye kulongedza katundu wa malemu amuna awo, pulofesa amene anandiphunzitsa mbiri yakale kuyunivesite ndili mnyamata.

M'chipinda chosungiramo katundu, kuseri kwa matumba a chimanga, tinapeza makatoni 7. Awiri amene anakhudza pansi chiswe chinali chitawamaliza, moti nditanyamula kope limodzi linangoyoyoka m'manja ngati gaga. Otsalawo anachita chuku chifukwa cha chinyezi cha kuno kuphiri, koma zolemba zinali kuwerengekabe. Munali makope olembedwa pamanja, makalata ochokera kwa anzawo akunja, zokonzekera maphunziro a zaka zambiri, ndiponso makaseti amene pa lililonse analembapo dzina la mudzi ndi tsiku limene anacheza ndi anthu a kumeneko. Mayiwo anandiuza mosabisa kuti mapepala ena adzukulu ankayatsira mbaula. Sindikuwaimba mlandu, pakuti palibe amene anawauzapo kuti m'makatonimo muli chuma cha dziko.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi makasetiwo. Bambo amenewa ankayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kukhala pamphasa ndi agogo amene analima thangata m'minda ya azungu, amene anapulumuka njala ya 1949, amene anapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, komanso amene anamangidwa pa chipwirikiti cha 1959. Agogo onsewo anatsikira kulichete kalekale. M'nkhani zimene pulofesayo anasindikiza, mawu awo amangopezekamo mzere umodzi kapena iwiri, pamene kucheza konse, nyimbo zimene anaimba ndi mayina a makolo amene anatchula, zinatsalira m'kaseti. Tisaiwalenso kuti m'nthawi ya chipani chimodzi munthu wophunzira ankalemba mosamala zedi chilichonse chopita kosindikiza, choncho zambiri zimene ankaziona ndi kuziganiza zimapezeka m'makope ndi m'makalata ake okha.

Anzathu akunja anazindikira zimenezi kale. Pulofesa George Shepperson, amene pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali limodzi ndi asilikali a ku Nyasaland m'gulu la King's African Rifles, ndipo mu 1958 anatulutsa buku la mbiri ya John Chilembwe pamodzi ndi Thomas Price, anamwalira mu 2020, koma mapepala ake akusungidwa bwino ku yunivesite ya Edinburgh kumene ankaphunzitsa. Ndikuyamika kuti anasungidwa. Komabe n'zomvetsa chisoni kuti wophunzira wa ku Chiradzulu, kwawo kwa Chilembwe, angafunike ndalama ya ndege kuti akawawerenge, kwinaku mapepala a akatswiri athu, amene ali pamtunda woti n'kuyenda pansi, akuwolera m'nyumba.

Ife a ku Zomba sitiyenera kuchita kuuzidwa za kuwopsa kwa kutaya zolembedwa. Mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma la atsamunda mumzinda uno, ndipo mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro umenewo anapsera momwemo. Ofufuza mbiri akuvutika nalo bala limenelo mpaka lero. Mu Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inapsanso. Moto umamveka dziko lonse, koma chiswe chimadya mwakachetechete, nyumba ndi nyumba, popanda wolemba nkhani kudziwa.

Malo osungira tili nawo pompano: National Archives of Malawi, imene inayamba ntchito mu 1947, ndiponso laibulale ya yunivesite ku Chirunga. Pempho langa kwa akuluakulu a malo amenewa ndi lakuti azipita kwa aphunzitsi pamene akupuma pantchito, akadali moyo, chifukwa mwini wake yekha ndi amene angafotokoze kuti mawu a m'kaseti yakutiyakuti ndi a yani ndipo anajambulidwa kuti. Makasetiwo awasamutsire pakompyuta tepi isanamatane. Aphunzitsi nawonso alembe m'wilo yawo kumene mapepala awo adzapite, monga amachitira ndi nyumba ndi munda. Ngati muli makalata okhudza zachinsinsi za banja, n'zotheka kugwirizana kuti asatsegulidwe kwa zaka zingapo, m'malo mowatentha.

Makatoni 5 otsalawo mayi aja anandilola kuti ndiwasunge kaye. Ndawaika pathebulo m'chipinda chouma, ndipo madzulo aliwonse ndikulemba mndandanda wa zimene zilimo, kuti banja likakhala pansi ndi kugwirizana kumene lingawapereke, olandirawo adzadziwe chimene akulandira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zomba