Za mawu aja a sideline

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Leeds kumeneko pamodzi ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba, mvula sinayambe.

Uthenga wako uja wandisowetsa tulo. Wati mnzako wina kuntchito anakunong'oneza kuti akukuchita sideline, iwe n'kungomwetulira osadziwa kuti akunena chiyani. Ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere.

Ukukumbuka tikusewera ntchemberembaye ku sekondale? Mzere wautali uja wa m'mbali mwa bwalo, wa mamita 30.5, umene tinkaulemba ndi phulusa m'mamawa mame asanaume, ndiye sideline. Mpira ukaudutsa, wenzulo inkalira, timu ina iponye. Pa mpira wamiyendo Angelezi amakonda kuutcha touchline, koma ndi womwewo. Ena mwa matanthauzo a mawuwa amachokera pamzere umenewu. Wosewera akavulala bondo, nyuzi zimalemba kuti ali sidelined: wakhala pabenchi, masewero akuwaona ndi maso, mpira osaukhudza.

Kuntchito n'chimodzimodzi. Sakuchotsa ayi, malipiro amabwera ndithu. Koma misonkhano imachitika iwe osaitanidwa, ntchito imene unkaigwira bwino amapatsa wina, ukanena maganizo ako amangogwedeza mutu n'kupitiriza zawo. Ine zinandichitikira chaka chatha pasukulu pomwe ndimaphunzitsa. Ndinangoona dzina langa mulibe m'komiti ya mayeso, pa pepala lomatidwa pakhomo la stafurumu, popanda ondiuza chifukwa. Ndinapirira miyezi itatu, mtima ukuwawa, mpaka tsiku lina ndinagogoda kwa ahedi n'kufunsa mwaulemu. Ndikanafunsa sabata yoyamba yomwe ija. Mwana wosalira amafera mumbereko, mnzanga.

Koma usamadzidzimuke paliponse pamene wawamva mawuwa. Wailesi ikati atsogoleri awiri akumana on the sidelines of msonkhano wa United Nations ku New York mu Seputembala, palibe amene wasalidwa; angokumana pambali, kunja kwa zokambirana zikuluzikulu.

Tanthauzo limene ndimalikonda ine ndi la geni. Munthu akati ali ndi sideline, ndiye kuti ali ndi kantchito kapambali kowonjezera pa malipiro. Zitenje zija ndimapikula ku Limbe n'kumagulitsa kwa aphunzitsi anzanga pangongole, kulipira pakutha pa mwezi, ndiye sideline yanga, ndipo ndi imene ikulipira fizi ya mwana wanga wamkulu. Nawenso kuluka tsitsi kumene umachita Loweruka ndi sideline yako.

Tsono ndikupempha, usachite manyazi poti uli m'dziko la eni. Lemba masiku ndi misonkhano imene anakusiya, kenako upemphe kuonana ndi bwana wako, umufunse maso ndi maso chimene chasintha. Ukatero undiimbire pa WhatsApp Lamulungu madzulo, tikaweruka kutchalitchi, undiuze mmene ayankhira.

Upereke moni kwa ana. Amayi akuti usaiwale kuwatumizira zithunzi.

Ndine mnzako,
wa ku Zingwangwa