Za mdzukulu wanga wa Fomu 3

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi apongozi angawo. Kuno tilipo, mvula yokha ndiyo ikutivuta.

Ndalemba chifukwa cha mtsikana wakoyu. Pa holide yapitayi ankadya pang'ono, ndipo ndikatchula za sukulu ankangozyolika. Iwe ukaimba foni nkhani yako imakhala ya mapointi basi. Sindikukutsutsa. A MANEB amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino pa MSCE, ndipo wopeza mapointi ochepa ndiye amalowa ku yunivesite. Koma mwana wosakondwa sagwira za m'kalasi, ngakhale umugulire mabuku onse.

Yamba ndi m'mimba. Kusukulu yogonera komweko ndiwo zake ndi nyemba, mawa nyemba, nthawi zina zofumbwa, kabichi wa apo ndi apo. Akamapita umuikire chiponde, mtedza wokazinga, shuga ndi ufa wa phala. Usaiwale sopo ndi mapadi okwanira teremu yonse. Mtsikana amene alibe chovalira akakhala kumwezi amajomba, kapena amakhala kumbuyo kwa kalasi atamanga juzi m'chiuno, mtima uli phaphapha kuopa kuitanidwa kubolodi. Zotere sangakuuze yekha, umufunse ndiwe mayi ake. Chilichonse chimene sukulu yaitanitsa uzilipira msanga, chifukwa kutchulidwa dzina pa asembule anzako onse akumva kumapweteka kuposa mkwapulo.

Chachikulu chimene chandilembetsa ndi ichi: mwanayu akusowa womumvera. Ukapita kukamuona, usayambe ndi lipoti. Mufunse amene amagona naye pafupi, amene amadya naye, ngati alipo womuzunza kuhositelo. Ana ena amafika Fomu 4 akadali ndi bala la zimene anawachita ali mu Fomu 1, makolo osadziwa kanthu. Akayamba kulankhula, iwe khala chete mpaka amalize, ngakhale anene zokukwiyitsa. Ukamukalipira tsiku loyamba, sadzakuuzanso. Udziwanenso ndi a matroni kapena mphunzitsi wamkazi mmodzi amene mwanayu amamasuka naye. Ndipo umuuze kuti ilipo nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, yomwe ana amaimba akakhala pa vuto lomwe akuopa kuuza makolo.

Anandiuza kuti unamuletsa netibolo ndi kwaya kuti azingowerenga. Mubwezere. Kumeneko ndiko amaseka, ndiko ali ndi anzake. Nayonso nkhani yowerenga mpaka tambala woyamba, mapazi ali m'ndowa ya madzi ozizira kuti asagone, umuletse. Akapanda kugona mokwanira amakasinza m'kalasi, ndiye phindu lake lili pati?

Leka kumuyerekeza ndi ana a eni ake amene anasankhidwira kusukulu zotchuka. Amamva, ndipo zimamulowa mumtima.

Ndatumiza mtedza ndi mbatata pa basi ya Lachisanu. Undiimbire ukakamuona.

Ndine mayi ako.